Injini Inalira Pouma

Boti la a Rodney linafika pa galaja ya a Winston ku Lupaso Lolemba m'mawa, litagona chammbali pa lole ya matabwa, likununkha petulo moti agalu a pamenepo anasamuka. Linali boti lakale la faibala, lonyamula anthu ndi matumba a ufa kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Usisya. Thanki yake yachitsulo, imene anaimangira pansi pa mpando wakumbuyo, inali itadyeka ndi dzimbiri mpaka chala kumalowa.

Wodziwa maboti pa galajapo anali Wahid yekha. Iye anakulira ku Makanjira, ndipo ntchitoyi anaiphunzira pomasula injini zakufa za amalume ake, popanda sukulu kapena pepala. A Winston, eni galaja, anali atagwira magalimoto zaka makumi atatu. Boti analikwerapo kamodzi, n'kusanza ulendo wonse.

Masiku anayi Wahid anali m'botimo. Anadula mpando ndi galainda, anazula thanki yakale zidutswazidutswa, anatsuka pansi ndi sopo mpaka fungo linatha. Anaika thanki yatsopano yapulasitiki, mapaipi atsopano ndi sefa, n'kumatanso mpando ndi faibala, manja akuyabwa ngati wagwira chitedze. Pofika Lachisanu kunatsala kuyesa injini basi. Tsono injini ya boti imazizira ndi madzi amene imadzikokera yokha m'nyanja. Ku Mzuzu kuno, kopanda nyanja, umamiza mwendo wake mu diramu ya madzi. Tsiku limenelo mpope unali wouma kuyambira m'mawa.

"Bwana, ndapita ku mzikiti," anatero Wahid. "Injiniyo asaikhudze munthu, mu diramu mulibe madzi."

"Pita, Shehe, ukatipempherereko," a Winston anayankha ali pansi pa minibasi.

Wahid atatsika pa kabaza cha m'ma thu koloko anapeza a Rodney atafika, ataima pafupi ndi boti lawo manja m'chiuno. Pabwalo ponse pankanunkha penti wopserera. Mwendo wa injini unali mu diramu, ndipo diramuyo inali yodzaza madzi mpaka kukamwa.

"Ndi ameneyu," anatero a Winston akupukuta manja. "Iwe, thanki yako ija yatumiza zinyalala mu injini. Madzi atabwera ndayesa kuiliza, yangolira pang'ono n'kuuma. Koka chingwe umve wekha."

Wahid anakoka. Chingwe sichinasunthe.

"Ndinakuuzani, a Rodney, anyamata a masiku ano amaphunzira ntchito pa foni. Iwe tenga ovolosi yako, Lolemba usabwere."

Kuchotsedwa ntchito kokha Wahid akanakupirira. Koma mbiri ya makaniko imatsika msewu wa ku Nkhata Bay msanga kuposa minibasi. Pofika Lamlungu eni maboti onse akanamva kuti mnyamata wa ku Mangochi uja wapha injini ya a Rodney, ndipo palibe akanamupatsanso ngakhale pulagi kuti apukute. Sipanala imene anatola pa benchi anaigwira mwa mtundu wina, mpaka a Rodney anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Mwati munailiza m'madzi awa?" Wahid anafunsa a Winston.

"Enya, m'madzi omwewo. Wagontha?"

Wahid anapinda mkono wa malaya ake oyera a ku mzikiti, anapisa dzanja mu diramu, n'kulitulutsa. Analionetsa kwa a Rodney.

"Adada, inu boti mwayendetsa zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi ziwiri."

"Injini iyi imatulutsira utsi pansi pa madzi. Ikalira mu diramu ngakhale mphindi imodzi, madzi amaoneka bwanji?"

A Rodney anasuzumira. Madziwo anali ozizira, oyera, ukanatha kuphikira tiyi. Pamwamba pake panalibe ngakhale kadontho ka oilo.

"Amada," anatero a Rodney pang'onopang'ono. "Amachita mafuta pamwamba."

"Tinawasintha madziwo," a Winston anafulumira kunena.

"Chabwino, munawasintha. Ndiye dikirani."

Wahid anakankha diramu ndi phazi, madzi n'kukhuthukira pa nsapato za a Winston. Sanapepese. Anagwada m'matopemo ndi malaya ake oyera, anamasula mabawuti anayi a mwendo wa injini, n'kuutsitsa. M'kati mwake mumakhala kagudumu ka mphira kokhala ndi timapiko, kamene kamapopa madzi kupita kumutu kwa injini. Anakatulutsa ndi pulayala. Timapiko tonse tinali titasungunuka, kagudumuko katasanduka chibulumwa chakuda ngati chingamu chotafunidwa. Anakaika m'dzanja la a Rodney.

"Aka kanali kabwinobwino Lachitatu, ndinakaona ndi maso anga. Sikapsa m'madzi. Kamapsa ukailiza injini pouma ngati ya minibasi." Anatembenukira kwa a Winston. "Inakodza, bwana? Injini ya boti ikamalira imakodza kamadzi kumbuyo uku. Munakaona kamadziko?"

"Mphira za masiku ano n'zabodza chomene," anatero a Winston, maso ali pa nsapato zawo zonyowa.

Wahid sanalekere pomwepo. Anazula paipi ya petulo pa sefa, anafinya kapampu ka pa paipiyo katatu, petulo n'kuthira mu botolo loyera la madzi akumwa. Analikweza padzuwa. Munalibe kachitsotso ngakhale kamodzi.

A Rodney anatembenuza kachibulumwa kaja m'dzanja nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "A Winston, paja ndinakuimbirani nthawi yanji kuti ndanyamuka ku Mpamba?"

"Cha m'ma thwelofu."

"Nanga mpope unayamba kutuluka nthawi yanji?"

Mayi wogulitsa mandasi pageti, amene ankamvetsera zonse, anayankha asanafunsidwe: "Wani koloko itadutsa, adada!"

Zinaonekeratu kuti a Winston, pofuna kuti a Rodney apeze ntchito itatha, anailiza injiniyo madzi asanabwere. Kenaka a Winston anatsokomola, n'kuyamba kulankhula za injini ngati palibe chachitika: mwina pisitoni yangogwira pang'ono, atsegule mutu aone, zitsulo zina zimapezeka ku Nkhata Bay.

"Iwe Wahid, mawa ubwere seveni koloko, titsegule. Koma usadzandiyankhenso choncho pamaso pa kasitomala."

"Sindibwera."

"Vichi? Wati chiyani?"

"Mwanena pamaso pa adada awa kuti thanki yanga yapha injini. Nenani pamaso pawo pomwepa kuti si thanki. Mukatero ndibwera."

"Iwe, ndine msinkhu wa bambo ako."

"N'chifukwa chake sindinakugendeni ndi sipanalayi. Nenani."

A Winston anayang'ana a Rodney ngati awapulumutsa, koma a Rodney anali akuyang'ana kumwamba, kumene mitambo ya mvula inkasonkhana. A Winston anayang'ananso mayi wa mandasi, mayiyo n'kuwayang'ananso osaphethira.

"Si thanki," anatero motsitsa.

"Adada sanamve."

"Ndamva," anatero a Rodney. "Yewo. Tsono mutu wa injiniwo atsegule ndi mnyamatayu, inu muzingomupatsira masipanala."

Wahid anavula malaya amatope aja, anawapachika pa mpanda, n'kuvala ovolosi. Mvula inali pafupi, ndipo injini inali yotsegula kumunsi. Anakwera m'boti kukatenga lona.