Mabuku a Wowerenga Mtsinje

Bambo ake a namwino wina anagwira ntchito yowerenga mtsinje zaka makumi atatu. Musaseke, inali ntchito yeniyeni. Pansi pa mlatho panali chitsulo cholembedwa manambala, ndipo m'mawa uliwonse iwo ankakaona pomwe madzi afika n'kulemba m'buku. Buku likadzaza ankalitumiza ku ofesi ya zamadzi. Kumeneko kunali zii, ngakhale zikomo wapakamwa sanabwereko.

Atapuma pantchito anayamba kudandaula. "Mabuku ajatu ankangoyatsira moto. Moyo wanga wonse ndinautaya m'madzi."

Namwinoyo ankapirira odwala amwano tsiku lonse, koma kumva bambo ake akudziyesa achabechabe kunkamupweteka mtima. Tsiku lina anangoti, "Valani jekete, ababa. Tikafunse."

Ku ofesi ya zamadzi kuja, chipinda cha mapu chinali kumapeto kwa khonde, chonunkha mapepala akale. Mayi wosunga mapu, magalasi ali pansonga ya mphuno, anafunsa osadzutsa mutu. "Mukufuna a nyanja kapena a mitsinje?"

Namwino anatchula mtsinje wawo. Mayiyo anakoka dirowa yaitali, nayala mapu patebulo, n'kupsinja m'makona ndi kapu ndi makiyi. Mtsinjewo unkaoneka ngati ulusi wabuluu, ndipo m'mbali mwake munkayenda mzere wofiira.

"Wofiirawu ndi malire a madzi akasefukira," anatero mayiyo. "M'kati mwake sitilola kumanga. Sukulu yapafupi ndi mlatho inasunthidwira kumtunda chifukwa cha mzerewu."

"Munadziwa bwanji pomwe madzi amafika?" anafunsa namwino.

"Mabuku a wowerenga mtsinje wathu. Munthuyo sindinamuonepo, koma ndimamudziwa kuposa alamu anga. Anzake ankalemba manambala okhaokha, ena ongopeka ali m'bulangete. Koma uyu, iii, ankalemba ndi nkhani zomwe."

Anatsitsa buku limodzi pashelefu n'kuyamba kuwerenga. "'Lero madzi akwiya.' Tamvani ina: 'Mbuzi yadutsa ikuyandama, mwini wake akuithamangira m'mphepete.'" Anaseka yekha. Bambo aja anali atavula chipewa, akungochipotokola m'manja.

"Zaka zonsezo anaphonya tsiku limodzi lokha basi," anapitiriza mayiyo, natembenuzira bukulo kwa namwino.

Pamalo a nambala panalibe kanthu. Pambali pake panalembedwa ndi pensulo: "Sindinapite. Kwathu kwabadwa mwana wamkazi, ndikulephera kusiya kumuyang'ana." Namwino anaona deti lake: linali tsiku lomwe iye anabadwa. Bambo akewa sanali munthu wonena zotere pakamwa, ndipo iye anafika zaka makumi anayi osazimvapo.

Bambo aja anakhosomola. "Pepani mayi, tsiku limenelo ndinajombadi. Ngati linasokoneza mapu anu, mundikhululukire."

Mayi wosunga mapu anavula magalasi n'kuwayang'anitsitsa. Kenaka anaimirira, napukuta mpando wake ndi dzanja n'kuwakankhira.

"Khalani apa, bambo. Musachoke musanandiyankhe, chifukwa ndakhala ndikudzifunsa zaka khumi. Mbuzi ija anaipulumutsa?"

Bambowo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana wawo, kenaka shelefu yodzaza mabuku awo, onse omatidwa bwino pamsana.

"Anaipulumutsa," anatero. "Koma dikirani ndiyambire poyambira."