Foloko Yolemekeza Maliro

"Chiyambire ntchito ine pano, ngakhale chikhadabo cha munthu sichinathothokepo," anatero a Lucious, oyang'anira chitetezo, pouza alimi amene anali pa mzere wa makuponi pa depoti ya feteleza ya pa Chamama. "Ku Kanengo amandidziwa. Akamaphunzitsa anthu za ngozi amatchula dzina langa."

Nelson, woyendetsa foloko yonyamulira matumba, anamva mawuwo ali pampando wake, koma anangopitiriza kupukuta chiwongolero. Ku Kanengoko a Lucious anapitako kamodzi, ndipo anabwerako ndi jekete lonyezimira komanso wezulo. Jeketelo ankalivala ngakhale popita kogula mchere.

Tsiku limenelo kutsidya kwa msewu kunali maliro. Pamsewu anali atayala masamba, apanjinga ankatsika n'kumakankha, ndipo Salehe wa golosale anali atazimitsa wailesi yake. Chosadziwa mwambo chinali foloko yokha. Ikamabwerera m'mbuyo inkalira kuti tii, tii, tii, mpaka kumveka pasiwa, nyale yake yachikasu ikung'anima pamwamba ngati ya kudansi.

A Lucious anafika manja ali kumbuyo.

"Nelson, anzathu akulira uko, iwe ukuimbitsa gule kuno. Kwanu sanakulange?"

"Bwana, alamuyi ilibe pozimitsira. Ndi yochenjeza anthu."

"Anthu ndiwachenjeza ndine. Wezuloyu ndi wodyera? Pakachitika kanthu ndiyankha ine."

Anasolola waya wa alamu ndi dzanja lawo, nyale ija n'kuiveka chiguduli cha fodya. Foloko inayamba kuyenda mofatsa ngati mkamwini watsopano, kaphokoso ka injini yake kakumira m'phokoso la lole imene inkatsitsa katundu.

Cha m'masana kunamveka kuti feteleza wobereketsa watsala pang'ono. Mzere unasokonekera, ndipo a Lucious anapita kukaweruza kumeneko ndi wezulo wawo. Nelson anakweza matumba, anacheuka, anaona khoma ndi mthunzi wake basi, n'kuyamba kubwerera. Uli pampando wa foloko, munthu wokhala pansi pafupi ndi tayala saoneka.

Anamva tayala likukwera pa kanthu kofewa. Kukuwa kunabwera pambuyo.

Anaponda buleki, anasendeza foloko kutsogolo, n'kutsika msangamsanga. Mayi wachikulire anali gone chagada, chitenje chitang'ambika, patapata ataphwatalala. Zala ziwiri za kuphazi sizinkaonekanso ngati zala. Anali mayi Feliya, mlongo wawo wa malemu. Anali atazemba pasiwa kuti kuponi yawo isapite pachabe, popeza feteleza sadikira maliro, ndipo anakhala pamthunzi wa khomalo kuti achibale asawaone.

"Sichinalire," mayiwo ankangobwereza, maso ali kumwamba. "Masiku onse chimalira chija. Lero sichinalire."

Nyimbo ya pasiwa inadukira pakati. Anthu anawoloka msewu, azimayi manja ali kumutu, azibambo akusuzumira phazilo n'kuyang'ana kumbali. Salehe anathamangira kukaliza kagalimoto kake. A Amosi, manijala wa depotiyo, anatuluka mu ofesi, anaona magazi, anaona chiguduli pa nyale, anaona waya ali lende.

"Kiyi," anatero, atatambasula dzanja. "Ntchito yatha. Zotsalazo ukafotokoza kupolisi."

Nelson anapereka kiyiyo. Anafunafuna a Lucious ndi maso ndipo anavutika kuwapeza, chifukwa anali ataima kumbuyo kwa gulu, jekete atalipinda kukhwapa. Kanali koyamba anthu ambiri kuona malaya awo.

"A Lucious," anatero Nelson, osakweza mawu. "Munati muyankha."

Anthu anatembenuka, ndipo pakati panatseguka kanjira kamene palibe anakapempha. A Lucious anayang'ana kumsewu, anayang'ana nsapato zawo, kenako anayenda m'kanjirako pang'onopang'ono ngati akupita kukapereka chopepesa.

"Waya ndasolola ndine," anatero. "Chigudulinso ndine. Mnyamatayu anakana. Ine ndimati tilemekeze maliro."

"Mwatilemekeza ndithu," anayankha bambo wina wa kumaliro kuja, akuthandiza kunyamula mayi Feliya. "Mukanatipatsanso ena oti tiike mawa."

Palibe anaseka. A Amosi anauza a Lucious kuti akwere kumbuyo kwa galimoto, agwirire phazilo mpaka kuchipatala, ndipo za iwo akakambirana pobwera. Kenako, aliyense akuona, anabweza kiyi ija m'dzanja la Nelson. Anachita kumupindira zala kuti aigwire.