Wamakolala Aiwala Kusoka

Amuna awiri anali pamakwerero akufufuta dzina la fakitale pachikwangwani pomwe azimayi osoka ankalowa pageti. Utoto woyera unkadonthera pansi. Wamakolala anaima n'kuyang'ana m'mwamba.

M'fakitalemo munthu ankaitanidwa ndi chimene ankasoka. Iye ankalumikiza makolala ku malaya, ndipo mnzake wa makina oyandikana nawo, Wamatumba, ankasoka matumba. Mayina awo enieni ankatsala pageti.

"Tayenda iwe," anatero Wamatumba akumugunda ndi chigongono. "Sunaonepo njoka ikufundula?"

"Dzina lija lalakwanji?"

"Lakula. Lafika msinkhu wokhoma msonkho."

Nkhani yake aliyense ankaidziwa, ngakhale sinkakambidwa mokweza. Pofuna kukopa eni chuma, boma linatchinga dera lalikulu ndi mpanda n'kulengeza kuti kampani yatsopano iliyonse yotsegula fakitale mmenemo, n'kumaphunzitsa anthu ntchito, isamakhome msonkho kwa zaka zingapo. Zakazo zikamatha, mwini fakitale yosoka malayayi ankaitseka n'kuitsegulanso ndi dzina lina. Nyumba yomweyo, makina omwewo, anthu omwewo.

M'kati munkanunkha utoto. Makina anali atasunthidwa kuti mizere ioneke yachilendo. Kapitawo anaima pabokosi, pambali pake pali mulu wa maepuloni atsopano ndi mipango yobiriwira.

"Tamverani kuno, amayi," anatero. "Kampani ija yatha. Iyi ndi ina, ndipo nonsenu mwangoyamba kumene. Ndinu ophunzira. Masana ano kubwera alendo ochokera ku boma kudzaona mmene tikukuphunzitsirani. Ali ndi imvi avale mpango. Komanso manja anuwo muwauze achepetse nzeru. Wophunzira sasoka ngati mphezi."

"Nanga inuyo a Kapitawo, mwabadwanso nafe?" anafuula Wamatumba. "Dazi lanulo tilivindikire ndi chiyani?"

Azimayi anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Kapitawo nayenso anamwetulira akusisita pamutu. Wamakolala yekha sanaseke.

Wophunzira akadwala sankapatsidwa tchuthi, ndipo ankatha kuuzidwa tsiku lililonse kuti mawa asabwere, popanda chifukwa. Chaka chathachi Kapitawo anauza Wamakolala kuti apirire, zaka za kuphunzira zikangotha adzamulemba ntchito yokhazikika. Mawuwo anawanyamula chaka chonse ngati dzira.

Anatsatira Kapitawo kuseri kwa tebulo lodulirapo nsalu.

"A Kapitawo, paja munati chaka chino..."

"Ndinatero, mayi. Koma inakulonjezani ndi kampani imene akuifufuta panjapo. Thamangani mukaifunse utoto usanaume."

"Musandiseke, bambo. Ndinalowa muno mwana wanga woyamba ali kumsana. Lero ali ku sekondale. Ndiphunzira mpaka liti?"

Kapitawo anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Tayang'anani pansi pa makina anuwo. Munaonapo bawuti?"

Wamakolala sanafunike kuyang'ana. Makina onse ankakhala pamatabwa, osamangiriridwa pasimenti.

"Bwana akangomva fungo la msonkho, malole afika," anapitiriza Kapitawo. "Kutsidya kwa malire nakonso akuitana, akulonjeza zomwezi. Fakitale ya nsapato ija munaiona. Lero mukugona nkhunda. Ineyo mukundiona ngati munthu wamkulu, koma kuyambira lero ndine mphunzitsi woyeserera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Valani mpango."

Anauvala. Pokhala pampando wake anayang'ana pawindo, pomwe pankaoneka bwalo loimikapo malole. Pansi pa simenti imeneyo panali munda wa banja lake, umene unatengedwa pomwe mpanda unkamangidwa. Mwamuna wake tsopano ankakhala kunja kwa geti pamodzi ndi amuna ena, kudikirira lole yofuna otsitsa katundu. Masiku ambiri ankabwerera kunyumba malaya ali ouma, osapeza ganyu.

M'mawa wonse azimayi ankayeserera kusoka pang'onopang'ono. Zinali zovuta. Munthu ankati akaiwala pang'ono, phazi linkaponda lokha, makina n'kuthamanga.

"Taonani, thumba langa ndaliika kumsana," anatero Wamatumba akukweza malaya m'mwamba. "Wovala ameneyu mbava zimuvutikira. Kodi a Kapitawo, kupusa kumeneku kwakwana kapena ndiwonjezere?"

"Kwanuko n'kobadwa nako, musawonjezere," anayankha Kapitawo akudutsa.

Alendo anafika dzuwa litapendeka. Panali amuna a masuti, wojambula zithunzi, ndi mwini fakitale amene ankayenda patsogolo akuloza uku ndi uku. Pambuyo pawo pankabwera mayi wachitsikana wa ku boma, wovala magalasi, amene sankaoneka kuti akumvetsera zonena za mwini fakitale. Ankayenda yekha pakati pa mizere akuyang'ana manja a osoka.

Wamakolala anaweramira makina ake. Chifukwa cha mantha anaiwala kuchenjeza manja. Nsalu inalowa pansi pa singano, inakhota pakona, inatuluka. Kolala inagona pamalaya ngati inamera pomwepo. Kapitawo anatsokomola patali, koma mayi uja anali ataima kale pambali pake.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

Mayiyo ananyamula malayawo n'kuyendetsa chala pamsoko, kuchokera mbali ina mpaka ina. Kenako anawerama kufikira nkhope yake itayandikira khutu la Wamakolala.

"Mwayamba liti ntchito muno? Musaope. Ine ndatumidwa kudzaona ngati lamuloli likuthandizadi anthu. Mukandiuza zoona, ndikazifikitsa."

Mawu ake anali ofatsa, ndipo Wamakolala anakhulupirira kuti sakunama. Zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri. Mayi ameneyu akanakazifikitsadi.

Makina oyandikana nawo anayamba kuchepetsa liwiro amodziamodzi. Wamakolala anaponya diso kumbali. Wamatumba, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anali atazyolika, akupotokola kaulusi pachala. Kupitirira iye kunali mzere wa mipango yobiriwira mpaka kukhoma, ndipo pansi pa mpango uliwonse Wamakolala ankadziwa nyumba yake, ana ake, ndi wodwala wake. Mawu anakwera mpaka pakhosi. Anali okonzeka, anali atawasunga zaka zambiri. Anawameza.

"Ndangoyamba kumene, mayi. Iyi andisokera aphunzitsi kuti ndizionera."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Tasokani ina ndione."

Alendo ena aja anali atafika tsopano ndipo anamuzungulira. Wamakolala anatenga kolala ina n'kuiika pamalaya mopendekera. Zala zake zinaiwongola zokha. Anaipendeketsanso. Ataponda, anakoka nsalu kumanzere pomwe manja ankafuna kumanja, ngati munthu wokoka mwana wake kupita naye kumene mwanayo akukana. Msoko unayenda mokhotakhota, nsalu inachita makwinya, ulusi unapiringizana pansi, kenako singano inathyoka ndi kaphokoso kakang'ono.

Amuna a masuti anaseka mwachifundo. Mwini fakitale anatambasula manja.

"Mwaona, mabwana? Timawatenga osadziwa kanthu. Kuphunzitsa munthu si masewera."

Mayi wa magalasi uja anaika dzanja paphewa la Wamakolala. Ngati anakhulupirira kapena ayi, nkhope yake sinaonetse.

"Musataye mtima, amayi. Aliyense anayamba choncho. Tsiku lina mudzakhala katswiri."

"Zikomo," anatero Wamakolala.

Wojambula anamupempha kuti akweze malaya opindikawo ndi kumwetulira. Anakweza. Kuwala kunang'anima, ndipo gulu lija linapitirira kukaona chipinda chositira.

Magalimoto a alendo atatuluka pageti, fakitale yonse inapuma ngati munthu wotula katundu. Azimayi anavula mipango n'kuyamba kudzikupiza nayo mphepo.

"Iwe mnzanga, unasochera ntchito," anatero Wamatumba. "Ukanapita ku zisudzo bwenzi tikukuonera pa kanema." Anayesa kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anatambasula dzanja n'kufinya mkono wa mnzakeyo.

Wamakolala anali akumasula msoko wokhota uja pomwe Kapitawo anafika. Bamboyo sanamuyang'ane m'maso.

"Musavutike n'kumasula, mayi. Bwana akondwera nanu kwambiri. Akuti palibe wina amene akanatha kutero."

"Ndiye andilemba?"

"Akuti alendo azibwera pafupipafupi. Boma likufuna lizibweretsa eni chuma ena kudzaona mmene deralo likuyendera. Pakufunika munthu woti azimuona akangolowa. Makolala tipereka kwa wina. Inu muzikhala pa makina a pakhomo aja."

"Ndizisoka chiyani pamenepo?"

"Zidutswa. Alendo akabwera muzichita zomwe mwachita lerozi."

"Akapanda kubwera?"

Kapitawo anakanda pakhosi.

"Muzikonzekera."

Wamatumba anatsegula pakamwa, koma Wamakolala anamupukusira mutu. Anaimirira, anatenga kapilo kamene ankakhalira, lumo lake, ndi botolo lake la madzi. Anayenda pakati pa mizere azimayi akumupatsa njira, mpaka anafika pa makina a pakhomo, pomwe mphepo inkalowetsa fumbi la kubwalo. Pambali pake panali dengu lodzaza ndi zidutswa za nsalu.

Kumbuyo kwake, mtsikana wina anakhala pa makina ake akale n'kuponda. Wamakolala anamva ndi khutu lokha kuti ulusi wathina ndipo posachedwa uduka. Khosi linafuna kutembenuka, koma analigwira. Wophunzira sadziwa zimenezo. Anasankha chidutswa m'dengumo, anachiika pansi pa singano mopendekera, n'kuponda.