Madzi a Sopo M'mabuleki

Kilachi ya galimoto la Alcides inafewa ali ku Zóbuè, atangomaliza kupakira mbatatesi zopita ku Moatize. Atatsegula boneti anapeza kuti mafuta a mabuleki, omwe amayendetsanso kilachi, atsala pang'ono kutha. Mlamu wake Bento anasungunula sopo waufa m'madzi n'kuthiramo.

"Alamu, ife nthawi ya nkhondo tinkayendera zomwezi," anatero Bento. "Mantha a chiyani?"

Alcides anaponda kilachi, n'kupeza yalimbadi. Anatukwana chamumtima, koma ananyamuka. Pambali pake panakhala mchemwali wake Ilda, mkazi wa Bentoyo, ali ndi pathupi potopa. Bento anatsala ku Zóbuè.

Pa mtsetse wautali mabuleki anatentha, madzi aja n'kuwira. Alcides ataponda, phazi linangofika pansi ngati waponda phala. Anapondanso, koma ayi ndithu. Kutsogolo kunali chilole cha malasha chikukwawa, ndipo chinkakula m'maso mwake mofulumira.

"Achimwene, bwanji simukuima?" anafunsa Ilda, atagwira mimba ndi manja onse awiri.

Alcides anagwira chiwongolero mwamphamvu. Anabweza giya, injini inalira ngati ikuphulika, kenako anakhotetsera galimoto kuchitunda cha m'mbali mwa msewu. Linakhula dothi, mbatatesi zinamwazika, mpaka linaima.

Ilda anali atagwirabe mimba yake. Nthawi yomweyo foni ya Alcides inaitana. Anali Bento, mawu ake odzaza ndi kunyada.

"Alamu, kilachi ija ikugwira bwino, eti?"