Phiko Lopindika la Kafosholo

Gideon atangoliza injini, kafosholo kanayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Sipanala imene anaisiya pampando inavina yokha mpaka kugwa pansi. Kafosholo ndi dzina limene anthu a pa esiteti ya nzimbe anapatsa kathirakitala kakang'ono kotapira zinyalala kufakitale, ndipo makaniko wake anali Gideon yemweyo.

"Wakaona?" anatero a Wiliyamu, kapitawo wa galaja, baji ya Chipani ikung'anima pachifuwa. "Undiuze chavuta ndisanapite kwa bwana. Ngati waononga ndi dalaivala, lero lomwe atulutse katundu m'nyumba ya kampani."

Dalaivalayo, Lyton, anali chiimire pakhomo, chipewa chili m'manja. Masiku amenewo wamkulu sankayankhidwa, komanso Lyton analibe mphamvu zoyankhira. Anali atangoika kumene mwana wake wamkazi, Priska, madzi atasefukira, Gideon ali kutchuthi kwawo.

A Wiliyamu atachoka, Gideon anayamba ndi dizilo, poganiza kuti mwalowa madzi. Anali bwinobwino. Anamasula mapaipi a dizilo limodzilimodzi, kumvetsera ngati pali silinda yogona, koma zonse zinkagwira ntchito. Anakwawira pansi n'kutosa ndi chitsulo mphira zimene injini imakhalapo. Zinali nga, poti anazisintha yekha asanapite kutchuthi.

"Iwe Lyton, kameneka ukumakamwetsa kachasu eti?" anatero pofuna kumuseketsa.

Lyton anangoyang'ana pansi.

Gideon anazimitsa injini n'kutsegula kumbuyo kumene kuli fani. Phiko limodzi linali lopindika. M'redieta munali matope ouma, ndipo atatokosa anatulutsa mizu ya namasupuni, zomera zoyandama pamadzi zija. Namasupuni samera kufakitale, ndipo fani imapindika chonchi ikamenya madzi akuya ikuzungulira.

"Unalowa nako m'madzi," anatero motsitsa mawu. "Popanda chilolezo?"

"Ngalande ya kumanda inadzaza mpaka m'chifuwa, achimwene," anayankha Lyton. "Amuna anayesa kuoloka ndi bokosi, madzi akuwakoka. Mabwato onse anali atapita kukapulumutsa anthu ku Chiromo. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, maliro sadikira. Ndinamugoneka Priska m'fosholomo, n'kukweza m'mwamba kuti asanyowe."

"Komboni yonse inaona?"

"Yonse. Palibe watsegula pakamwa."

Gideon anakhala pansi, mizu ija ili m'manja. Chisoni chinamugwira, mantha nawonso. Kutenga makina a kampani mwakabisira sikunali kongochotsedwa ntchito, kunali kwa apolisi. Lyton anali ndi mkazi, Esinala, ndi ana ena awiri, ndipo kumudzi kwawo ku Marka nyumba inali itapita ndi madzi. Koma a Wiliyamu sakanabwerera kwa bwana chimanjamanja. Makina a kampani sadwala okha, pamayenera kupezeka wowadwalitsa.

Gideon anamasula fani ija, n'kuigoneka pachitsulo. Anamenya phikolo pang'onopang'ono, akuliyerekeza ndi anzake, mpaka onse analingana. Anatsuka redieta, n'kusesa matope. Atalizanso injini, kafosholo kanangolira mofatsa. Anaika sipanala pampando, ndipo sinasunthe.

A Wiliyamu anafika akupukuta thukuta. "Ehe, chinali chiyani?"

"Mabawuti a mphira, bwana. Sindinawamange bwino ndisanapite kutchuthi."

"Iweyo, Gideon? Iwe amene umamanga bawuti mpaka kutulutsa lilime?"

"Ndinali ndi phuma la ulendo."

Lyton anatsegula pakamwa, koma Gideon anamuyang'ana ndi diso loti khala chete. A Wiliyamu anaweramitsa mutu. Pafupi ndi tayala panali muzu umodzi wa namasupuni umene tsache linauphonya. Anauyang'ana kanthawi, kenako anauponda ndi nsapato n'kuimirira pomwepo.

"Ukudziwa kuti bwana sakusiya m'galaja muno?" anafunsa, mawu atafewa.

"Ndikudziwa."

Mlungu wotsatira Gideon anabweza ovololo, n'kupatsidwa chikwanje ndi khasu. Anamuika m'gulu loyeretsa ngalande, ndipo ngalande yoyamba inali ya kumanda yomweyo. Madzi anali ataphwa mpaka m'mawondo, minga ndi misundu zili mbwee. Manja ozolowera sipanala anatuluka matuza dzuwa lisanafike pamutu.

Masana Esinala anadutsa pa mlatho wa mitengo, akuchokera kumanda. Anaima, n'kugwada pamtunda pa ngalandeyo.

"Takhuta, baba," anatero pothokoza m'Chisena, misozi ikutsika.

Chapatali, kumbali ya fakitale, kafosholo kanalira. Gideon anaimitsa chikwanje n'kutchera khutu monga mwa chizolowezi chake. Injini inkayenda bwino. Anawerama n'kupitiriza kuzula namasupuni.