Khuni ndi Nkhuni

Scholastica Kamwendo anali akuwerenga maenje kachiwiri pamene anaona mtolo woyamba ukulowa pabwalo la sukulu. Unali pamutu pa mtsikana wa Sitandade 4. Pambuyo pake panabwera wina, kenaka winanso, mpaka kanjira konse kochokera kumidzi kanadzaza mitolo. Ana amene mitolo inawakanika ankangokoka zipika pansi.

"Inu! Zimenezi n'za chiyani?" anafunsa.

"Nkhuni, madamu!" anawo anayankha mokondwa, uku akuziunjika pafupi ndi mlongoti wa mbendera.

Scholastica anasiya maenje aja n'kuthamangira komweko. Tsikulo linali Lachitatu la mu Januwale, tsiku lodzala mitengo. Maenje zana limodzi ndi makumi anayi anali yasa kuseri kwa makalasi, ndipo mwana aliyense amayenera kubwera ndi mbande imodzi. Nthawi ya teni koloko, komiti ya makolo inali kubwera kudzaona ntchitoyo, kenaka igamule ngati phunziro latsopano la Kusamala Malo Athu lipitirire kapena lithe.

Phunzirolo linali mwana wake wa Scholastica. Anabwera nalo m'mutu kuchokera kwawo ku Dedza zaka ziwiri zapitazo, atamutumiza kudzaphunzitsa pasukulu imeneyi, kufupi ndi Edingeni, komwe ana amaphunzira m'zinenero ziwiri, Chitumbuka ndi Chingerezi. Iye analemba mitu yonse m'Chingerezi: za manyowa, za mizere yopingasa pamtsetse, za mbaula zosatha nkhuni, za mitengo. Mbali ya Chitumbuka ankalemba ndi mphunzitsi mnzake, a Chikomeni Mzembe, mbadwa ya konko. Makolo sanalikonde kwenikweni phunziroli. Ankati likudya nthawi ya masamu, ndipo mayeso a Sitandade 8 safunsa za ndowe za ng'ombe. Analipatsa teremu imodzi yokha yoyesera, ndipo teremuyo inali itatha.

Scholastica anasolola chikuni chimodzi pamulupo. Chinali chachiwisi, chikudontha madzi, khungwa lake la msuku. M'dzinja nkhuni zouma uzipeza kuti? Anakweza maso kuyang'ana kaphiri ka kuseri kwa sukulu, kamene midzi inagwirizana zaka zisanu zapitazo kuti pasapite nkhwangwa. Chakumunsi kwake kunali mbee, ngati mutu wometedwa ndi wophunzira kumeta.

"Madamu Kamwendo! A Mzembe! Muofesi!" Anali ahedi, a Justus Ziba, atanyamula kalata imene inapita kwa makolo Lachisanu.

Kalatayo inali ndi Chingerezi pamwamba, Chitumbuka pansi. Chingerezicho chinkanena bwinobwino za mbande, koma kumidzi kuja amayamba ndani kuwerenga pamwamba pomwe chawo chili pansi? A Ziba anaika chala pamzere wina n'kuwerenga mokweza.

"'Pa Chitatu mwana waliyose wize na nkhuni.' A Mzembe, mwabadwira kuno, mwakulira kuno. Khuni ndi mtengo, nkhuni n'zosonkhera moto. Kapena Chitumbuka chasintha ine ndili mtulo? Makolo anazolowera makalata opempha nkhuni zophikira phala, mbwenu atumiza zomwe mwapempha."

A Mzembe analandira kalatayo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana Scholastica kamodzi kokha, n'kuibweza.

"Ndaiona, ahedi," anatero.

Scholastica ankadziwa kumene inachokera n imeneyo. Lachisanu ndi iye amene anapita ndi kalatayo ku Boma kukaichulukitsa pashopu ya a Bashir, pafupi ndi msika. Ali pamzere anaiwerenganso, n'kuona liwu loti khuni. Kwa munthu wa ku Dedza, liwulo linkaoneka ngati nkhuku yodula mutu. Chibwerereni ankamva anthu akuloza mitengo n'kumati khuni, koma iye ankangoti ndi nkhuni yomweyo, n amangoimeza poyankhula. Tsono mayiyu anali ndi cholembera chofiira chimene sichinkagona ndi njala. Anachitulutsa, n'kuika n yake bwinobwino, ndipo a Bashir anataipa zomwe anapatsidwa. Foni anali nayo m'chikwama, nambala ya a Mzembe inalimo, koma kufunsa kunamukulira.

Anatsegula pakamwa kuti anene, koma panja panamveka kale mawu a makolo.

Amene anatsogola anali NyaShaba, wapampando wa komiti, mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu, amene amuna awo anapita ku Joni kalekale osabwerako. Ana awo anayi anawaphunzitsa ndi masuku ndi bowa wa m'kaphiri komweko, ndipo ndi iwo amene anayenda mudzi ndi mudzi kuti kaphiriko katetezedwe. Anaima pamulu wa nkhuni uja, manja m'chiuno. Moni sanapereke.

Onse anakhala pamabenchi m'kalasi la Sitandade 7. A Ziba anayamba ndi mawu ambiri ozungulira, za mvula, za chitukuko, mpaka NyaShaba anawadula.

"Ahedi, ndapota, musatizunguze ngati ng'ombe yapachigayo. Ine dzulo ndinali kumaliro ku Engutwini. Ndafika m'mawa uno, ndapeza misuku makumi asanu ndi limodzi ili pansi. Ndawerenga ndekha zitsa. Ana akuti yatituma ndi sukulu. Sukulu yomwe ikuphunzitsa kusamala mitengo! Nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Walemba kalata iyi ndi njani?"

"Mbali ya Chitumbuka amalemba ndi a Mzembe," a Ziba anayankha, maso ali pathebulo.

"Chikomeni?" NyaShaba anatembenuka. "Iwe mwana wa NyaLungu, amene unkatola masuku kumbuyo kwanga mamina ali mbwee? Sukulu yakuiwalitsa dzina la khuni?"

Makolo ena anaseka, ena anapukusa mitu. Bambo wina wachipewa anati vuto ndi lomweli lophunzitsa m'zinenero ziwiri, aphunzitsi okha akusokonezeka. Wina anati phunziro la madamu lilibe mlandu, Chingerezi chake chili bwino, ongofunika kuchotsedwapo ndi a Mzembe. Ambiri anavomera. A Mzembe ankangopinda ndi kupindula kapepala m'manja.

Scholastica anaona kuti khomo lamutsegukira. Akangokhala chete, phunziro lake lipulumuka, ndipo a Mzembe sadzamuulula, poti ndi munthu wosakonda kukangana. Akayankhula, makolowa adzati mlendo wosadziwa n'komwe dzina la mtengo angaphunzitse chiyani za mitengo, ndipo zaka ziwiri za ntchito zithera pomwepo. Anachita mantha kwambiri. Koma manyazi anaposa mantha, chifukwa munthu amene ankanyozedwa pamaso pa anthu akwawoyo ndi yemwe ankatsala naye masana onse kumasulira mitu ija popanda wom'thokoza.

Anaimirira. Anayamba m'Chitumbuka chake chotsimphina.

"Ŵapapi mose, ndapota. A Mzembe ŵalije mlandu." Chitumbuka chinamuthera pomwepo, n'kubwerera ku Chichewa. "Iwo analemba khuni. Amene anaika n ndine, ndi cholembera ichi. Ndinkayesa alakwitsa. Sindinafunse aliyense."

Anachiika pathebulo cholemberacho.

"Mwati munkayesa Mtumbuka walakwitsa Chitumbuka?" anafunsa NyaShaba pang'onopang'ono.

"Eya, amama."

"Mbwenu mwamukonzera?"

"Ndinamukonzera."

Bambo wachipewa uja ndiye anayamba kuseka, kenaka kalasi lonse linagwa nacho chikhakhali. A Ziba anabisa nkhope m'kaundula. NyaShaba okha sanaseke.

"Kwanu kuja mumati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero. "Kanu n'kakuthwa chomene, madamu. Kameta phiri."

"Timatinso safunsa anadya phula, amama. Ndadya."

"Mwadya inu, koma m'mimba mukupota ine. Misuku ija imayamba kubala patatha zaka zingati, mukudziwa? Zalembedwa m'buku lanulo?"

"Sizinalembedwe."

"Nanga zoti chitsa cha msuku chimaphukanso? Zoti pakaphuka mphukira khumi umasiyapo ziwiri zamphamvu, zinazo n'kuthyola, n'kutchinga ndi minga kuti mbuzi zisadye? Zilimo?"

"Mulibe, amama. M'bukumo muli zodzala mbande basi."

"Mbande za bulugama zimene zimamwa chitsime," anatero NyaShaba, akutembenukira makolo anzawo. "Mwamva? Buku la malo athu, koma malo athu mulibemo."

Bambo wachipewa anati ndiye nkhani yatha, phunzirolo lichotsedwe, ana abwerere ku masamu. Scholastica anakhala pansi. Anali atadziwa kuti zithera pamenepo, komabe zinamuwawa, ndipo anayang'ana pawindo kuti misozi isaoneke.

Apo ndi pamene a Mzembe anayankhula koyamba. Anapita pabolodi, n'kulemba mawu awiri aja, khuni ndi nkhuni, ndi choko, lina pamwamba, lina pansi.

"Ine sindikuikira kumbuyo madamu," anatero. "Andipweteka, ndipo akudziwa. Koma taonani apa. Ndaphunzitsa zaka khumi ndi zinayi, sindinaganizepo kuti mawu awa amasiyana ndi chilembo chimodzi. Ana athu dzulo anapita kuphiri ndi nkhwangwa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera kudzafunsa kuti bwanji sukulu ikutituma kudula zoletsedwa. Ifenso makolo tinawabwereka nkhwangwazo. Ngati pali chaka chimene phunziroli likufunika, ndi chino."

Makolo angapo anayang'ana pansi, chifukwa nkhwangwa zinali zawodi. NyaShaba anadzuka, n'kupita pabolodipo, n'kugogoda n ija ndi chala.

"Iyi si n," anatero. "Iyi ndi mbavi, nkhwangwa. Ukaiika pa khuni, mbwenu zatsala nkhuni. Ana akaphunzire zimenezo, m'Chitumbuka ndi m'Chizungu chomwe."

Sanafulumire kugamula. Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo pokweza manja, asanu ndi mmodzi anati lipitirire, anayi anati lithe. Koma analimanga ndi mfundo zitatu zimene NyaShaba anazitchula okha, a Ziba akulemba. Phunzirolo lipatsidwa chaka chimodzi, osati mpaka kalekale. Pepala lililonse la Chitumbuka, kaya ndi kalata kaya ndi mutu wa m'buku, lisatuluke pasukulupo a Mzembe ndi kholo limodzi asanaliwerenge komaliza. Ndipo Lachitatu lililonse masana, Sitandade 4 ndi 5 azikwera kuphiri kukasamala zitsa makumi asanu ndi limodzi zija, mphunzitsi wake NyaShaba.

"Nanga ine?" anafunsa Scholastica.

"Inu muzikhala pamzere ndi ana, kope m'manja. Mukamva liwu lachilendo, muzikweza mkono."

"Yewo, amama."

"Yewo yokha mukuitha," anatero NyaShaba, ndipo kanali koyamba kuti pakamwa pawo paoneke kamseko.

Anthu atabalalika, Scholastica anapeza a Mzembe akufufuta bolodi. Mawu awiri aja anawasiya.

"A Mzembe, pepani. Muofesi muja bwanji simunanene?"

"Ndimafuna ndione ngati munena nokha," anayankha, akukuntha choko m'manja. "Mukanapanda kunena, mawa ndikanakubwezerani mabuku anu onse, muzimasulira ndi cholembera chanu chofiira."

Scholastica anatenga cholembera chija pathebulo n'kuwapatsa. Iwo anachiyang'ana, n'kuchikoleka m'thumba la malaya.

Nkhuni zija anaziyanika m'khonde la kitchini, ndipo zinaphika phala mpaka mwezi wa Meyi. Maenje aja anadzalamo mbande za misuku ndi mibawa sabata yotsatira, kalata yake itawerengedwa ndi anthu atatu.

Lachitatu loyamba kukwera phiri, mvula inali itangokata. NyaShaba anagwada pachitsa choyamba, ana atawazungulira, n'kuwaonetsa timaso tofiira timene tinayamba kutuluka m'mbali mwa khungwa. Anatchula liwu lina la Chitumbuka limene Scholastica anali asanalimvepo. Ana onse anagwedeza mitu. Iye anayang'ana uku ndi uku, kenaka anakweza mkono.

"Chete nonse," anatero NyaShaba. "NyaNkhuni ali ndi funso."

Ana anaseka mpaka ena kugwa pansi. Scholastica anadikira kuti amalize, mkono uli m'mwamba, ndipo atatha anafunsa funso lakelo. Dzinalo silinachokenso, ndipo mpaka lero akamuitana nalo pamsika wa Edingeni, amatembenuka n'kuvomera.