Botolo la Pakati

"Botolo liti?"

"La pakati."

"La pakati kuchokela ku door olo ku window?"

"Mutale, mabotolo ni atatu. Uchokele kulikonse, la pakati ni la pakati."

Mutale, mnzanga amene ndimakhala naye m'fulati ku Kabwata, anakhala pansi pang'onopang'ono, chikwama cha kuntchito chikadali paphewa.

"Anita," anatero, "ija ni saladi ya pork ya pa Sunday." Kuno mafuta ophikira timawatcha saladi.

Ndinayang'ana wotchi. Dzuwa linali litalowa mphindi makumi awiri zapitazo.

Khomo loyang'anana ndi lathu ndi la Ba Suleiman, atelala a ku Kamwala, ndi akazi awo Ba Hadiya. Ndi Asilamu, makolo awo anachokera ku Mangochi. Ramadani itayamba, Ba Hadiya anatibweretsera samusa m'mbale ya maluwa obiriwira. Samusayo tinamaliza titaimirira. Mbaleyo inakhala pafiriji masiku anayi, chifukwa amayi anandiphunzitsa kuti mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu, ndipo ine ndinalibe choikamo. Ndili ndi digiri ya masamu, sudoku ya m'nyuzipepala ndimaidzaza ndi bolopeni, koma chimene ndimatha kuphika osachita manyazi ndi vitumbuwa basi.

Tsikulo magetsi anali atapita kuyambira m'mawa. Ndinakanda fulawa, n'kusonkha mbaula pakhonde, kenako ndinapeza kuti mafuta atsopano atha. Mutale sataya mafuta okazingira kale. Akazizira amawasefa ndi kasefa ka tiyi n'kuwathira m'mabotolo a jamu pawindo. Salembapo kanthu, amati amawadziwa.

Sindinamuimbire foni. Ndinaona ngati ndi funso losavuta: mabotolo atatu, limodzi lolondola. Loyamba linkanunkha nsomba. Lachitatu linali lakuda, la tchipisi totentha kangapo. Lotsala linali loyera bwino, lokhuthala pang'ono pansi. Ndinadzitamanso mumtima.

Ndinaponya kachidutswa ka mtanda m'mafutamo, kanakwera pamwamba nthawi yomweyo, ndiye kuti atentha mokwanira. Vitumbuwa vinatuluka vofiirira, vouma bwino kunja, vofewa m'kati. Sindinaphikepo vokoma chotero. Ndinasankha khumi ndi viwiri vooneka bwino, n'kuviika m'mbale ija, n'kukapereka dzuwa lisanalowe.

Ba Hadiya analandira ndi manja awiri. "Bambo a kuno sadya chophikidwa kunja," anandiuza. "Zaka zonsezi ku Kamwala amanyamula chawo. Koma izi ndiwauza kuti adye. Ndinena kuti waphika ndi Anita, amatidziwa."

Mawu amenewa ndi amene ankandizungulira m'mutu pamene Mutale ankavula nsapato.

"Osakamba," anatero Mutale. "Sibanaziwe. Chamene sunaziwe si chimo."

"Iwo sibaziwa. Ine manje naziwa."

"So uzayenda ukagogode? Ati odi ba neighbour, mwasala the whole day, elo namumasulilani na nkhumba?"

"Sembe unalembapo chabe pa botolo."

"Sembe unafunsa, ba professor."

Kukhuthala kwa pansi pa botolo kuja ndinakuona ndi maso anga. Mafuta a chomera sagwirana choncho. Yankho linali pomwepo, ine ndinalilumpha chifukwa ndinkafuna kumaliza msanga.

Ndinatenga botololo n'kuliika kuseri kwa ndowa ya madzi, ngati kubisa kungachotse kanthu m'mimba mwa munthu. Ndikuwongoka, wina anagogoda.

Anali Ba Hadiya, mpango uli kumutu, mbale ya maluwa obiriwira ija ili m'manja. Munali zipatso za tende ndi samusa zinayi.

"Yabweranso mbale ija," anatero akuseka. "Tizingopatsirana mpaka isweke. Mwana wanga, bambo adya zisanu. Zisanu! Zanga akadya ziwiri amati akhuta. Moti nsanje yandigwira."

"Zikomo, amayi," ndinatero. Mawu anga anamveka ngati a munthu wina.

"Akuti pa Idi muphike ndinu, kubwera abale awo a ku Kaunda Square. Koma ine ndakana kugonja. Mundiuze. Fulawa ndi yomweyi?"

"Yomweyi."

"Yisiti, shuga, kamchere?"

"Ee."

"Dzira?"

"Limodzi."

"Nanenso limodzi." Anawerenga pa zala, n'kupukusa mutu. Kenako anasuzumira kukhitchini kwathu, kumene mabotolo awiri anaima pawindo, pakati pake pali mpata. Mutale anayamba kufufuza china chake m'chikwama, mutu uli pansi.

Mbale inali ikadali pakati pathu, iwo agwira mbali ina, ine mbali ina. Samusa zinali zotentha, ndinkamva kufunda kwake m'zala.

"Ndiye nkhani ili pa mafuta," anatero Ba Hadiya. "Munakazingira mafuta anji?"